Katemera ndi kuyeza matenda kwa akuluakulu: njira iti ingagwire pa chipatala cha kwathu?

Mwana akabadwa ku Malawi kuno dongosolo limamupeza lokha. Ali ndi buku lake, ali ndi tsiku la sikelo, ndipo akajomba mlangizi wa zaumoyo amadziwa khomo la kwawo. Munthu wamkulu alibe zonsezi. Mayi amakumbukiridwa akakhala woyembekezera, akachira basi nkhani yatha. Bambo ndiye amatha kufika zaka 50 mkono wake usanalowepo m'makina a BP, mpaka tsiku limene abale adzamunyamule atafa ziwalo mbali imodzi.

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B analowa m'gulu la katemera wa ana mu 2002, choncho amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanamulandire ali makanda, ndipo m'gulu limeneli muli anamwino ambiri amene amagwira singano ndi magazi tsiku ndi tsiku. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Amayi amene lero ali ndi zaka 30 kapena 40 chowateteza ku khansa ya khomo la chiberekero ndi kuyezetsa basi, pomwe dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi kwambiri padziko lonse.

Ndikulembera inu amene mumayang'anira chipatala chaching'ono, kaya cha boma, cha CHAM kapena kiliniki yanuyanu m'tauni, komanso a komiti ya chipatala amene amafunsidwa maganizo ndalama zikapezeka zochepa. Njira zilipo zingapo, koma sizilemera mofanana.

Maphunziro ndi mapositala

Iyi ndi njira imene imabwera msanga m'maganizo, chifukwa ndi yosavuta kulembera bajeti ndipo palibe wogwira ntchito amene amakana alawansi. Anthu amapita ku maphunziro sabata yathunthu, amabwera ndi setifiketi ndi mapositala atsopano, Lolemba likafika mzere wa ku OPD, koonera odwala oyendera, uli pomwepo, wodwala aliyense ali ndi mphindi zake zowerengeka ndi adokotala. Zimene anaphunzira zija sizipeza polowera.

Pali umboni wa kwathu konkuno. Kafukufuku wina amene anachitika m'zipatala 15 za m'chigawo chapakati ndi chakummwera, zotsatira zake n'kutuluka mu 2020, anayerekeza njira zitatu zoyezera HIV anthu obwera ku OPD. Kumene zinthu zinasiyidwa monga mwa masiku onse, anayezetsa anali pafupifupi 13 mwa anthu 100 alionse. Kumene ogwira ntchito anawonjezeredwa maphunziro ndi zowakumbutsa, anakwana 14. Kumene anthu anapatsidwa zipangizo zodziyezera okha ali pa benchi kudikira adokotala, anafika 51. Imeneyo inali nkhani ya HIV, koma phunziro lake likukhudza BP, shuga ndi katemera yemwe: kuuza wogwira ntchito wotopa kuti achite zambiri sikusintha kanthu ngati njira imene wodwala amadutsamo yakhala yomwe ija. Ku America nako gulu la akatswiri lotchedwa Community Preventive Services Task Force linanena kuti palibe umboni wokwanira woti kuphunzitsa ogwira ntchito pakokha kumachulukitsa olandira katemera. Maphunziro amafunika pamene mukuyambitsa luso latsopano, monga kuyeza khomo la chiberekero. Kupitirira apo musawadalire.

Kugwira munthu amene wabwera kale

Njira imene ine ndimaiika patsogolo ndi iyi. Tsiku lililonse akuluakulu amafika pa chipatala ndi malungo, chifuwa, bala la khasu, kapena kungoperekeza mwana. Ndalama ya kabaza alipira kale, ntchito ya kumunda aisiya kale, ndipo akhala pa benchi maola angapo osachita kanthu. Ntchito ndi yakuti chipatala chilembe lamulo limodzi, losainidwa ndi woyang'anira, lonena kuti wamkulu aliyense wolowa ayezedwe BP asanafike kwa adokotala, ndipo namwino ali ndi chilolezo chobaya katemera wa kafumbata kwa aliyense woyenera popanda kudikira kuti adokotala alembe. Ku America lamulo lotere amalitcha standing orders, ndipo gulu la akatswiri lija limalilimbikitsa. Kwathu tinaona kale zofanana nazo mu 2015, pamene kunabwera ma HIV Diagnostic Assistant, anthu amene ntchito yawo inali kuyeza magazi basi, kuti anamwino ndi alangizi a zaumoyo apepukidwe.

Zofunika ndi zochepa: tebulo pafupi ndi polembetsera, makina a BP a mabatire, ndi munthu mmodzi amene ntchitoyo ndi yake osati ya aliyense amene ali ndi mpata. Koma pali tinthu tina timene timapha njira imeneyi mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake matebulo otere amayamba ndi changu kenako n'kusanduka poika mabuku.

Mabatire ndiwo amayamba. Makina akangozima ndipo palibe amene anapatsidwa udindo wogula ena, ntchito yaima. Lamba wa pamkono naye amasocheretsa: lamba wamng'ono pa mkono waukulu amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni, choncho pamafunika malamba a masaizi awiri. Ndiye pali kayezedwe. Munthu amene wangotsika panjinga atakwera chitunda, thukuta lili kamukamu, ukamuyeza nthawi yomweyo umamupatsa matenda amene alibe. Akhale pansi mphindi 5, mapazi onse ali pansi, mkono utatsamira patebulo, asakulankhula. Ikafika 140/90 kapena kupitirira, abwerezenso, ndipo nthawi zambiri munthu sauzidwa kuti ali ndi BP pa ulendo umodzi wokha, amapatsidwa tsiku lina lodzatsimikiza. Ikakwera kwambiri, kapena mutu ukamupweteka ndipo akuona zachimbuuzi, ameneyo sadikiranso mzere.

Nambalayo ilembedwe pa tsamba limodzi lodziwika la buku la kuchipatala, mwina m'kati mwa chikuto, pamodzi ndi tsiku la katemera wa kafumbata. Ikalembedwa pakati pa zolemba za malungo a chaka chatha palibe adzaione.

Ku mbali ya katemera vuto lalikulu ndi mantha otsegula botolo. Namwino amaona munthu mmodzi, botolo lili ndi madozi ambiri, amamuuza kuti abwere Lachitatu kukakhala anthu ochuluka. Munthu uja Lachitatu ali kumunda. Mantha amenewa anakula nthawi ya COVID-19, pamene botolo la katemera wa AstraZeneca likatsegulidwa linkayenera kutha pasanathe maola 6. Katemera wa kafumbata sali choncho. Malangizo a WHO amalola kusunga botolo lotsegulidwa mpaka masiku 28, bola lalembedwa tsiku lotsegulira, lasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, silinamire m'madzi ndipo tsiku lothera mphamvu silinafike. Chimene chimamuwononga katemerayu, pamodzi ndi wa hepatitis B, ndi kuundana. Botolo limene lagundana ndi ayezi m'bokosi lonyamulira likhoza kuoneka bwinobwino mphamvu itatha kale.

Ndondomeko ya kafumbata kwa mayi amene sanalandirepo ndi madozi 5: woyamba, wachiwiri pakatha masabata 4, wachitatu pakatha miyezi 6, wachinayi ndi wachisanu motalikirana chaka chimodzi. Ambiri amaima pa awiri a nthawi ya pakati, chifukwa akachira palibe amene amawafunsanso. Mayi yemweyo amabwera ndi mwana ku sikelo mwezi ndi mwezi, buku lake lili m'chikwama. Kungomufunsa kuti "Mayi, buku lanu lilipo?" pamene mukuyeza mwanayo kumatseka mpata umenewu popanda ndalama ina iliyonse. Abambo nawo, amene amachekeka ndi zikwanje ndi malata, katemera wa kafumbata amawapeza pokhapokha bala likakhala loopsa.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti imangofikira amene afika pa chipatala. Ndipo walira mvula walira matope: mukayamba kuyeza wamkulu aliyense, pakangopita miyezi yochepa mudzakhala ndi gulu la anthu ofuna mankhwala a BP ndi shuga, hydrochlorothiazide, amlodipine ndi metformin, mwezi uliwonse kwa moyo wawo wonse. Za mankhwalazi tibwererako.

Kukwera pa msana wa kiliniki ya ma ARV

M'zipatala zambiri malo amene ali ndi dongosolo lenileni la akuluakulu ndi kiliniki ya ma ARV. Kuli khadi la munthu aliyense, kuli tsiku lobwerera, kuli anthu otsata ojomba, ndipo m'malo ena kuli kompyuta. Ku Neno, Unduna pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anatenga dongosolo limeneli mu 2015 n'kulitsegulira matenda ena okhalitsa. Wa HIV, wa BP, wa shuga, wa khunyu ndi wa mphumu amaonedwa pa kiliniki imodzi, tsiku limodzi, ndi anthu amodzimodzi. Munthu amene ali ndi HIV ndi BP amayenda ulendo umodzi m'malo mwa iwiri, ndipo wodutsa panjira sangaloze chala kuti onse ali pa benchi apo akumwa ma ARV.

Njira imeneyi ndi yamphamvu pa kutsata munthu, kumene njira ya pa OPD imafooka. Ndi yoyeneranso pa khansa ya khomo la chiberekero, popeza amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu kwambiri ndipo amabwera kale pa masiku odziwika. Koma tisaiwale kuti ku Neno kuli bungwe lothandiza ndi mankhwala, galimoto ndi antchito a m'midzi. Chipatala chimene chilibe mnzake wotere chikhoza kutengako mbali imodzi: kuyeza BP aliyense wobwera kudzatenga ma ARV, ndi kupatsa odwala BP ndi shuga makhadi ndi masiku obwerera monga amachitira a ma ARV. Kuphatikiza zonse nthawi imodzi anamwino ali awiri okha kumangotalikitsa mzere, ndipo woyamba kudandaula ndi wa ma ARV amene ankachoka msanga.

Viniga kapena kudzitenga wekha

Pa khansa ya khomo la chiberekero kusankha kuli pawiri. Njira ya VIA, yopaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo oyera, yakhala ikuchitika m'dziko muno kuyambira 2004. Ndi yotsika mtengo ndipo yankho limapezeka pomwepo. Imadalira maso ndi luso la woyezayo, ndipo namwino amene amayeza amayi ochepa pa mwezi luso limamuthawa. Imafunanso chipinda chotsekeka, bedi, nyali ndi zipangizo zophikidwa bwino, komanso mayi wolimba mtima kukwera pabedipo asakudwala.

Njira ina ndi yoyeza kachilombo ka HPV. Mayi amapatsidwa kathonje ka pa kamtengo, amalowa m'chipinda yekha, amadzitenga timadzi ta kumaliseche, n'kubweza. Mu 2021 WHO inanena kuti iyi ndiyo iyenera kukhala njira yoyamba, kuyambira zaka 30 kwa amayi onse ndi zaka 25 kwa amene ali ndi HIV. Amayi ambiri amene amathawa bedi lija amavomera njira imeneyi, ndipo amene alibe kachilomboka amatha zaka zingapo asanafunikenso kuyezedwa. Vuto ndi makina. Makina oyezera otchedwa GeneXpert amatulutsa yankho pa ola limodzi, koma makina omwewo akudikiridwa ndi makhololo a TB, ndipo chipatala chimene chilibe makina chimatumiza kwina, yankho n'kubwera mayi atapita kale kumudzi.

Ine ndimati funso loyamba lisakhale loti tiyeza bwanji. Likhale loti tikapeza vuto tichiza lero lomwe kapena ayi. Chipatala cha Nkhoma chinasonyeza zimenezi kuyambira 2013, mogwirizana ndi akatswiri a ku Scotland, pamene chinayamba kugwiritsa ntchito kachipangizo kotentha malo oyamba kusintha aja m'malo mwa njira yakale yoziziritsa ndi gasi. Njira ya gasi inkafuna silinda yolemera imene imatha ndipo kuidzazitsa kunali kovuta. Kachipangizo kotentha kamagwira ntchito pa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo masiku ano kalipo ka batire konyamulika m'chikwama. WHO inavomereza njira imeneyi mu 2019. Chipatala chimene chili ndi viniga ndi kachipangizo kotentha chimaposa chimene chili ndi njira yamakono yoyezera HPV koma mayi akapezeka ndi kachilomboka amauzidwa kuti apite ku boma mwezi wamawa.

Kampeni ndi kupita kumidzi

Kampeni imafikira anthu amene njira zonse zapamwambazi siziwapeza, makamaka abambo, achinyamata ndi okhala kutali. COVID-19 inatiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Madozi 360,000 oyamba a AstraZeneca anafika mu Malichi 2021 kudzera ku COVAX, ndondomeko ya mayiko yogawana katemera, ndipo anthu ankayembekezeredwa kupita okha ku chipatala. Mphekesera zinayenda msanga kuposa katemera. Mu Meyi chaka chomwecho boma linawotcha madozi 19,610 otha mphamvu, ochokera m'gulu lina limene linafika litangotsala ndi masabata osakwana atatu. Pamene ogwira ntchito anayamba kutuluka ndi magalimoto kupita m'misika, m'matchalitchi ndi m'midzi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ali patsogolo, anthu amene sakanapita okha anatambasula mikono.

Pa mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, kampeni ya katemera wakumwa inali njira yokhayo yofikira anthu ochuluka pa nthawi yochepa. Katemera anachepa padziko lonse moti mu Okutobala 2022 oyang'anira nkhokwe yake anaganiza zopereka dozi imodzi m'malo mwa ziwiri.

Pa mliri, kampeni ilibe mnzake. Pa BP, shuga ndi katemera wa madozi angapo, kampeni imakhumudwitsa. Imadya mafuta ndi alawansi, imatulutsa ogwira ntchito onse chipatala n'kutsala chopanda anthu, ndipo ikatha imasiya mndandanda wa mayina. Agogo amene auzidwa pansi pa mtengo kuti shuga yawo yakwera, akafika ku chipatala n'kupeza palibe timapepala toyezera, amabwerera kwawo ndi nkhawa yatsopano yopanda mankhwala. Katemera wa hepatitis B kwa wamkulu amafuna madozi 3, wachiwiri pakatha mwezi, wachitatu pakatha miyezi 6 kuchokera pa woyamba, ndipo kampeni ya tsiku limodzi imangopereka woyambayo. Ngati mukufuna kupita kumidzi, njira yotsika mtengo ndi kukwera pa sikelo ya kumudzi imene ilipo kale mwezi uliwonse: alangizi a zaumoyo anyamule makina a BP pamodzi ndi bokosi la katemera.

Za mameseji ndi kuitana ojomba

Uthenga wa pa foni umathandiza munthu amene wayamba kale, monga wodikira dozi yachiwiri kapena yankho la HPV. Sukopa munthu amene sanaganizepo zoyezetsa. M'tauni, kiliniki yolipiritsa imene ili ndi manambala a odwala ake ikhoza kupindula nawo kwambiri. Kumudzi foni imakhala ya bambo, nambala imasintha, ndipo uthenga wonena za khomo la chiberekero ukafika m'manja olakwika umayambitsa mlandu m'banja. Ungonena kuti "Mukufunika ku chipatala Lachinayi" basi. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach kenako n'kufalikira dziko lonse, chinasonyeza kuti anthu amafuna kulankhula ndi munthu wamoyo amene angamufunse mafunso. Kumene kuli mlangizi wa zaumoyo wodziwa makomo, kapepala ka mayina asanu m'thumba mwake kamaposa mameseji 100.

Ziwiri zimene sindingayambire

Kulipira chipatala kapena ogwira ntchito malinga ndi chiwerengero cha oyezedwa kunayesedwa kwambiri ku Britain, kumene dongosolo la QOF linayamba mu 2004 ndipo Scotland inalisiya mu 2016. Kwathu zofanana nazo zinayesedwa pa uchembere ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu kuyambira 2013. Zimene zikulipiridwa zimakwera, zosalipiridwa zimaiwalika, ndipo ndalama ya wothandiza ikatha funso limakhala loti ndani apitirize. Chimene mungatengeko popanda ndalama ndi kuwerengako: kumata pa khoma la ofesi chiwerengero cha mwezi uno pafupi ndi cha mwezi watha.

China ndi chimene makiliniki a m'tauni amagulitsa, chopima thupi lonse, magazi a mitundumitundu, sikani ndi X-ray kwa munthu amene sakudwala. Bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu, komaliza mu 2019, linapeza kuti kupima kwachisawawa kotere sikuchepetsa imfa. Kumabweretsa ndalama ku kiliniki ndi mantha kwa wopimidwa. Zoyenera kuyeza kwa munthu wosadwala ndi zochepa, zimene zili zofala ndipo mankhwala ake alipo: BP, shuga kwa onenepa, achikulire ndi amene kwawo kuli matendawa, HIV, khomo la chiberekero, ndi kufunsa za chifuwa chokhalitsa.

Poyambira pasiyana malinga ndi chipatala

Chipatala chaching'ono cha kumudzi, chokhala ndi anamwino awiri ndi dokotala mmodzi, chiyambe ndi tebulo la BP ndi kufunsa mabuku a amayi ku sikelo, ndipo chisawonjezere china mpaka ziwirizi zitakhazikika. Cha CHAM chionetsetse za mtengo, chifukwa ngakhale kandalama kochepa kamabweza munthu amene sakumva kuwawa paliponse. Ngati mgwirizano wanu ndi boma sukukhudza zoyezazi, kambiranani ndi a DHO, oyang'anira zaumoyo m'boma lanu, kapena BP yokhayo ikhale yaulere. Chipatala cha boma chachikulu, chimene chili ndi GeneXpert ndi kiliniki ya ma ARV yodzaza, ndiye choyenera kuyesa HPV yodzitenga wekha ndi kuphatikiza makiliniki. Ndipo kulikonse, katemera wa hepatitis B ayambire kwa ogwira ntchito eni ake, osaiwala okolopa ndi otaya zinyalala, amene singano zimawabaya m'manja kudzera m'mapepala.

Musanayeze munthu woyamba, lowani ku famase ndi woyang'anira mankhwala. Onani kuti hydrochlorothiazide, amlodipine ndi metformin alipo angati, amabwera liti, ndipo oda ya mwezi wamawa ikwezedwe motani, chifukwa oda yowerengedwa pa odwala a chaka chatha sidzakwanira mukayamba kupeza atsopano. Ndipo m'kaundula wanu ikani mzere wina pambali pa wa oyezedwa, wolembamo amene anapezeka ndi BP yokwera n'kubweranso pa tsiku limene munawapatsa. Mzere umenewo ukakhala wopanda kanthu kwa miyezi itatu, imitsani kaye kuyeza anthu atsopano mutume alangizi akafufuze amene munawapeza kale.